Henry Maudslay, Mmisiri Amene Anawongola Mazinga a Bawuti

Aŵerengi amene anagwirapo ntchito m'mafakitale a tiyi ku Thyolo, kapena kukonzetsa njinga pa msika wa Bvumbwe, akudziŵa kuti nati ikatayika munthu amangogula ina ya msinkhu womwewo, ndipo imaloŵa. Zaka 250 zapitazo sizinali chomwecho. Mazinga a bawuti ankasemedwa pamanja ndi tupa, kotero kuti bawuti iliyonse inali ndi nati yakeyake, ndipo zikasokonezeka ntchito inkaima. Mwa anthu amene anathetsa vutoli, wodziŵika koposa ndi Henry Maudslay wa ku Mangalande.

Iye anabadwa pa 22 Ogasiti 1771 ku Woolwich, kufupi ndi London. Ali ndi zaka 12 analembedwa ntchito yothira wonga m'zipolopolo pa fakitale ya zida za nkhondo ya Royal Arsenal, kumenenso atate ake ankagwira ntchito. Pambuyo pake anaphunzira ukalipentala, kenaka analoŵa m'chipala nakhala wosula waluso. Atakwanitsa zaka 18 anatengedwa ndi Joseph Bramah, katswiri wa maloko, ndipo posakhalitsa anakhala kapitawo. Koma m'chaka cha 1797, ali kale pabanja, anapempha kuti amuwonjezere malipiro ake a mashiling'i 30 pa sabata. Bramah atakana, Maudslay anachoka nakatsegula malo akeake ogwirira ntchito.

Kumeneko ndiko anakonza makina osemera zitsulo otchedwa lathe, amene anamutchukitsa. M'malo moti mmisiri agwire mpeni wosemera ndi dzanja, limene limanjenjemera ndi kutopa, mpeniwo unamangidwa pa chonyamulira chotsetsereka. Chonyamuliracho chinkakankhidwa ndi bawuti yaitali ya mazinga olongosoka, yolumikizidwa ndi magiya ku chitsulo chosemedwacho. Posintha magiya, makina amodzi ankadula mazinga a misinkhu yosiyanasiyana, ndipo msinkhu uliwonse unkatuluka wofanana nthaŵi zonse. Ena anali atayesapo nzeru zoterezi, koma Maudslay ndiye anaziphatikiza m'makina olimba achitsulo oyenera ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Luso lake linaonekera poyera ku Portsmouth, kumene anapanga makina oposa 40 amene Marc Isambard Brunel anakonza, osemera timagudumu todutsamo zingwe za zombo zankhondo. Pofika 1808 makinawo ankatulutsa timagudumu 130,000 pachaka, ndipo amuna 10 ankagwira ntchito imene kale inkafuna amuna 110. Maudslay anapanganso chida choyezera chimene chinkazindikira gawo limodzi mwa magawo 10,000 a inchi. Amisiri ake akatsutsana pa muyeso, chidacho ndicho chinkagamula mlandu, motero anachitcha Lord Chancellor, dzina la mkulu wa oweruza.

Nanga ife lero zikutikhudza bwanji? Masiku ano amisiri ena amadzipangira makina osema matabwa ndi zitsulo molamulidwa ndi kompyuta, otchedwa CNC. Mpeni wa makinaŵa umayenda njira zitatu: kutsogolo ndi kumbuyo, kumanzere ndi kumanja, m'mwamba ndi pansi. Njira yachitatuyi ndiyo imafuna kusamala kwambiri, popeza imanyamula kulemera konse kwa mota yozunguza mpeni, ndiponso ndiyo imalamula kuya kwa chosemacho. Kaŵirikaŵiri chimene chimakweza ndi kutsitsa mutu wa makinawo ndi bawuti yaitali yonga ya Maudslay ija.

Taonani kaŵerengedwe kake. Bawuti yoyendetsa nati mamilimita 2 ikazungulira kamodzi, ikalumikizidwa ku mota yoyenda masitepe 200 pa kuzungulira kumodzi, sitepe iliyonse imatsitsa mpeni mamilimita 0.01. Koma ngati mazinga ndi osafanana, kapena nati ili yogwedera, kompyuta idzaŵerenga bwino pamene mpeni ukukumba mopyola, ndipo thabwa lidzawonongeka. Mazinga oyandikana chotere ali ndi ubwino wina: magetsi akathima amagwira mutu wa makina kuti usagwere pa ntchito. Njanji zotsetserekapo mutuwo nazonso ziyenera kukhala zowongoka ndi zosalala, monga Maudslay ankaumirira. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'chaka cha 1810 Maudslay anasamutsira fakitale yake ku Lambeth, kumene inatchuka ndi mainjini a sitima zapamadzi. M'manja mwake munadutsa amisiri monga James Nasmyth ndi Joseph Whitworth, amene mu 1841 anakhazikitsa muyeso umodzi wa mazinga umene mafakitale a dziko la Britain anautsata. Maudslay anadwala pobwerera kuchokera ku France, namwalira mu Febuluwale 1831 ali ndi zaka 59. Anaikidwa kwawo ku Woolwich, m'manda a chitsulo amene anawakonza yekha.