Allan Cormack: zolemba ziwiri zomwe dziko lidazinyalanyaza

Munthu akachita ngozi n'kumenyetsa mutu, madokotala amafuna kudziwa msanga ngati magazi akukha mkati mwa chigaza. Masiku ano amamugoneka pakabedi kolowa m'makina obulungira a CT scan, ndipo posakhalitsa chithunzi cha ubongo chimaoneka pakompyuta popanda mpeni kukhudza khungu. Mmodzi mwa anthu awiri omwe adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha luso limeneli ndi Allan MacLeod Cormack, mwana wa ku Johannesburg. Iye sadali dokotala wa zachipatala, sadapate digiri ya PhD, ndipo ntchito yomwe idam'tchukitsa ankaigwira mwapambali chabe.

Cormack adabadwa pa 23 Febuluwale 1924 ndipo adali mzime mwa ana atatu. Makolo ake adachokera ku Scotland. Bambo ake adali injiniya wa ku positi ofesi, mayi ake mphunzitsi. Bambowo atamwalira mu 1936, banjalo lidakhazikika ku Cape Town, kumene mnyamatayo adaphunzira pa Rondebosch Boys' High School. Mtima wake udali pa nyenyezi, koma ataona kuti ntchito za akatswiri a zakuthambo n'zosowa, adalowa University of Cape Town kukaphunzira uinjiniya wa magetsi. Patatha zaka ziwiri adasintha n'kutenga fizikisi. Digiri yoyamba adailandira mu 1944, ya masitazi mu 1945.

Mu 1947 adapita ku St John's College ku Cambridge kukachita kafukufuku wa PhD. Kumeneko adakumana ndi mtsikana wa ku America yemwe naye ankaphunzira fizikisi. Ukwati umafuna ndalama ndipo iye adalibe, choncho adabwerera ku Cape Town mu 1950 kukaphunzitsa, digiri ija asadaimalize. Sadabwererenso kukaitsiriza.

Chomwe chidatembenuza moyo wake chidabwera mwangozi. Katswiri wa fizikisi wa pachipatala cha Groote Schuur adasiya ntchito, pamene lamulo la dzikolo linkafuna kuti zipangizo zotulutsa cheza champhamvu, zomwe amachizira khansa, ziziyang'aniridwa ndi munthu wodziwa. Udindowo udagwera Cormack, ndipo m'theka loyamba la 1956 ankapita kuchipatalako tsiku limodzi ndi theka pa sabata.

Zomwe adaona kumeneko zidamudodometsa. Powerengera mlingo wa cheza chowotchera chotupa, ogwira ntchito ankagwiritsa ntchito matchati omwe ankatenga thupi la munthu ngati chinthu chofanana paliponse, monga madzi a mumtsuko. Koma thupi silili choncho. Fupa limamwa cheza chambiri, mnofu pang'ono, ndipo mapapo odzaza mpweya amachilola kudutsa mosavuta. Mlingo ukalakwika, mwina chotupa sichipsa mokwanira, mwina mnofu wabwino umapsera limodzi. Chithunzi wamba cha X-ray sichikadathandiza, chifukwa ndi mthunzi chabe: nthiti, mtima ndi msana zimasanjikizana pamalo amodzi.

Funso lomwe adadzifunsa lidali la masamu. Ukaombera kamzere kopyapyala ka cheza kudutsa m'thupi, ungayeze kuti kafooka motani potulukira mbali inayo. Nambala imodziyo imangonena chiwonkhetso cha zonse zomwe kamzereko kadutsamo. Nanga ukabwereza kambirimbiri kuchokera mbali zosiyanasiyana, kodi ungadziwe zomwe zili pa kachigawo kalikonse ka mkatimo? Zili ngati munda waukulu wogawidwa timagawo, womwe mwini wake wakana kukuuza zokolola za gawo lililonse, koma wakuuza matumba onse a mzere uliwonse, cham'litali, cham'lifupi ndi chopingasa. Mizereyo ikachuluka mokwanira, munthu wodziwa masamu angathe kutulukira zokolola za gawo lililonse. Cormack adaganiza kuti funso lotere lidayankhidwa kale, koma adafufuza m'mabuku osapeza kanthu. Adayamba kulisova yekha.

Mu 1957 adayesa njira yake ku Cape Town pa kachitsulo kobulungira ka aluminiyamu kozingidwa ndi thabwa. Zotsatira zidagwirizana ndi masamu ake, kupatula pakatikati penipeni pomwe manambala adapatuka pang'ono. Atafunsa amisiri omwe adasula chitsulocho, zidadziwika kuti pakatipo adaikapo aluminiyamu weniweni, pamene kunja kwake adagwiritsa ntchito wosakaniza. Njira yake idaulula chinthu chomwe mwini kafukufukuyo sankachidziwa. Pa nkhani yonse ya moyo wake, ine ndimaona kuti mphindi yokoma koposa ndi imeneyi.

Chaka chomwecho adayamba ntchito pa Tufts University, pafupi ndi Boston, atatha chaka ku Harvard. Ku Tufts ntchito yake yeniyeni idali kuphunzitsa ndi kufufuza tizidutswa tating'onoting'ono ta mkati mwa atomu. Nkhani ya kuchipatala ija ankaibwerera akapeza mpata. Mu 1963 adapangitsa chifanizo cha mutu: mkombero wa aluminiyamu m'malo mwa chigaza, pulasitiki m'malo mwa ubongo, ndi tizitsulo tiwiri mkati mwake toimira zotupa. Zipangizo zake zidadya ndalama pafupifupi madola 100. Masamu ake adaonetsa malo a tizitsuloto.

Zotsatirazo adazisindikiza m'magawo awiri, mu 1963 ndi 1964, m'magazini ya akatswiri yotchedwa Journal of Applied Physics. Kenako kudangoti zii. Madokotala sawerenga magazini za fizikisi, ndipo akatswiri a fizikisi sadaone chowakhudza m'nkhani ya zithunzi za odwala. Ngakhale mutu wa zolembazo udali wa masamu okhaokha, zachipatala n'kungotchulidwa kumapeto. Mwa ochepa omwe adalemba kalata kupempha kope, omwe iye adawakumbukira kwambiri adali ofufuza a ku Switzerland oona za kugumuka kwa chipale m'mapiri, omwe ankaganiza kuti njirayo ingawathandize kuona mkati mwa chipalecho. Cormack adabwerera ku ntchito yake. Mu 1966 adakhala nzika ya America, ndipo kuchokera 1968 mpaka 1976 adatsogolera dipatimenti ya fizikisi pa Tufts.

Makina enieni adapangidwa ndi munthu wina, ku dziko lina. Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI ku England, adafika pa ganizo lomwelo payekha, osadziwa kuti Cormack adalembapo. Iye adali ndi zomwe Cormack adalibe: luso la makompyuta, kampani yolimba, thandizo la unduna wa zaumoyo wa ku Britain, ndiponso dokotala wogwira naye ntchito, James Ambrose. Pa 1 Okutobala 1971, pachipatala cha Atkinson Morley ku London, adajambula mutu wa mayi yemwe ankamuganizira kuti ali ndi chotupa mu ubongo, ndipo chidaoneka. Makinawo atalengezedwa mu 1972, zipatala za maiko olemera zidayamba kuwalimbirana.

Apa m'pofunika kunena mosapsatira. Makina a Hounsfield sadamangidwe pa masamu a Cormack. Adagwiritsa ntchito njira ina yowerengera. Komanso Cormack adadzazindikira pambuyo pake kuti katswiri wa masamu wa ku Austria, Johann Radon, adasova funso la mtundu womwewo mu 1917, ndipo iye sadabise zimenezi. Alipo omwe amafunsa: ngati masamuwo adalipo kale, ndipo makinawo adapangidwa popanda iye, adalandiriranji ulemu? Yankho lomwe limandikhutiritsa ndi lakuti Radon sankaganiza za wodwala aliyense, pamene Cormack adayambira pa wodwala, adapeza masamu oyenera, ndipo adatsimikiza ndi zoyesa kuti mkati mwa chinthu chotsekeka mungajambulidwe molondola. Zonsezi adazilemba poyera zaka zisanu ndi ziwiri wodwala woyamba asadagonekedwe m'makina. Ofufuza atayamba kukonza njira zowerengera zithunzi za CT m'zaka za m'ma 1970, adazifukula zolemba zija ndipo zidayamba kutchulidwa. M'zolemba zomwezo adatchulamo kuti njirayo ingagwirenso ntchito ndi mitundu ina ya cheza, kuphatikizapo yomwe lero imagwiritsidwa ntchito m'makina a PET.

Mu Okutobala 1979 komiti ya Nobel idalengeza kuti mphotho ya zamankhwala igawidwa kwa Cormack ndi Hounsfield. Ambiri adadabwa: wina adalibe PhD, winayo adalibe ngakhale digiri ya ku yunivesite, ndipo onse awiri sadali madokotala a odwala. Cormack sadapeze chuma kuchokera ku makinawo, pakuti maganizo ake sadawalembetse ngati katundu wake.

Chidwi cha dziko chitadzuka, iye adabwereranso ku funso lake lakale. Mu 1976 iye ndi Andreas Koehler adasindikiza zoyesa zojambula mkati mwa chinthu pogwiritsa ntchito tizidutswa ta atomu totchedwa mapulotoni m'malo mwa X-ray, ndipo m'zaka zotsatira adalemba zambiri zokulitsa masamu a Radon. Mu 1990 boma la America lidam'patsa National Medal of Science.

Adamwalira ndi khansa pa 7 Meyi 1998 ku Winchester, m'chigawo cha Massachusetts, ali ndi zaka 74, ndipo adasiya mkazi ndi ana atatu. Mu Disembala 2002 dziko lomwe adabadwira, South Africa, lidam'patsa ulemu wa Order of Mapungubwe wagolide, patatha zaka zinayi ali m'manda.