Max Theiler

Max Theiler (30 Januwale 1899 – 11 Ogasiti 1972) anali katswiri wa za mavairasi wobadwira ku South Africa amene anapanga katemera wa matenda a yellow fever wotchedwa 17D. Chifukwa cha ntchitoyi analandira mphoto ya Nobel ya za umoyo m'chaka cha 1951, ndipo anali munthu woyamba wobadwira mu Africa kulandira mphoto ya Nobel. Katemera wakeyo akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Ubwana ndi maphunziro

Theiler anabadwira ku Pretoria. Bambo ake, Arnold Theiler, anali dokotala wa ziweto wochokera ku Switzerland amene anakhazikitsa malo ofufuzira matenda a ziweto ku Onderstepoort. Mlongo wake Gertrud nayenso anadzatchuka pa kafukufuku wa nkhupakupa. Max anaphunzira pa Pretoria Boys High School, kenako pa Rhodes University College ndi pa sukulu ya zaudokotala ya University of Cape Town. Atachoka kumeneko anapita ku London, kumene anaphunzira pa chipatala cha St Thomas's ndi pa London School of Tropical Medicine, namaliza mu 1922. Chaka chomwecho anapeza ntchito pa Harvard ku United States, m'dipatimenti ya matenda a m'mayiko otentha, pansi pa Andrew Sellards.

Yellow fever ndi mbewa

Yellow fever imafala kudzera mwa udzudzu, makamaka wa mtundu wa Aedes aegypti m'matauni. Imayamba ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi, ndipo kwa ena imawononga chiwindi, maso ndi khungu n'kusanduka achikasu, munthu n'kumasanza magazi akuda. Pamene Theiler ankayamba ntchito, zinali zodziwika kale kuti udzudzu ndi umene umafalitsa matendawa, monga ananenera Carlos Finlay ku Cuba ndipo gulu la Walter Reed linatsimikizira mu 1900. Chimene anthu ankakanganabe ndi kachilombo kenikeni koyambitsa matendawa. Hideyo Noguchi, katswiri wotchuka wa pa Rockefeller Institute, ankati ndi bakiteriya wa gulu la Leptospira. Mu 1926 Theiler ndi Sellards anasonyeza kuti bakiteriya ameneyu ndi yemweyo amene amayambitsa matenda ena a chikasu otchedwa Weil, ndipo sakhudzana ndi yellow fever. Noguchi anamwalira ndi yellow fever ku Accra mu 1928 ali pakati pa kafukufuku wake.

Mu 1927 ofufuza a Rockefeller Foundation ku West Africa anatenga magazi a munthu wa ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, dzina lake Asibi, amene anadwala matendawa n'kuchira, ndipo anawabaya anyani a mtundu wa rhesus. Anyaniwo anadwala, ndipo vairasiyo inadziwika kuyambira pamenepo ndi dzina la Asibi. Mmodzi mwa ofufuzawo, Adrian Stokes, anatenga matendawa n'kumwalira ku Lagos chaka chomwecho.

Vuto linali lakuti vairasi siingaswane yokha m'mbale ya chakudya monga amachitira mabakiteriya. Imafunika selo yamoyo. Anyani a rhesus ankagulidwa kuchokera ku India pa mtengo wokwera, anali ovuta kuweta, ndipo magazi a nyani wodwala anali oopsa kwa aliyense wogwira ntchito m'labotale. Theiler anayesa mbewa zoyera. Akazibaya vairasi pamimba sizinkadwala, koma atabaya mwachindunji mu ubongo, zinatupa ubongo n'kufa. Anafalitsa zimenezi mu 1930. Iye mwini anadwala yellow fever mu 1929 pa ntchito yomweyi, koma anachira.

Mbewa zinatsitsa mtengo wa kafukufuku, koma zinaulula chinthu china chofunika kwambiri. Vairasi ikasamutsidwa kuchoka mu ubongo wa mbewa ina kupita mwa ina kambirimbiri, inkayamba kupha mbewa msanga, pomwe mphamvu yake yowononga chiwindi cha nyani inkachepa. Ikazolowera maselo a mtundu wina, inkataya luso lake pa maselo ena. Theiler anapanganso njira yoyezera chitetezo: kusakaniza madzi a m'magazi a munthu ndi vairasi, n'kubaya mbewa. Mbewa zikapulumuka, ndiye kuti munthuyo anadwalapo kale matendawa. Njirayi inathandiza kudziwa madera a Africa ndi South America kumene yellow fever inkapezeka mobisika.

Katemera wa 17D

Mu 1930 Theiler anasamukira ku Rockefeller Foundation ku New York, kumene Wilbur Sawyer ankatsogolera ntchito ya yellow fever. Vairasi yozolowera ubongo wa mbewa inagwiritsidwa ntchito ndi Afalansa kupanga katemera amene anaperekedwa kwa anthu ambiri m'mayiko amene ankawalamulira ku West Africa. Katemerayo anagwiradi ntchito, koma ankatupitsa ubongo wa ana ena, ndipo pambuyo pake analekedwa. Theiler ankaopa vuto lomweli kuyambira pachiyambi, n'chifukwa chake anafuna vairasi yofooka mbali zonse ziwiri, ku chiwindi ndi ku ubongo.

Pamodzi ndi Hugh Smith ndi anzake ena, anayamba kulera vairasi ya Asibi m'mabotolo okhala ndi tizidutswa ta minofu yamoyo. Poyamba anagwiritsa ntchito minofu ya ana a mbewa osabadwa, kenako ya anapiye a m'dzira, ndipo pomaliza ya anapiye amene anawachotsa ubongo ndi mtsempha wa mumsana. Pakapita masiku ochepa ankatunga madzi a m'botolo limodzi n'kuthira m'botolo latsopano, kwa zaka. Mzere umodzi mwa mizere yambiri imene ankalera unali ndi chizindikiro cha 17D. Penapake pakati pa kusamutsa kwa nambala 89 ndi kwa nambala 114, vairasi ya mumzerewu inasintha: inaleka kupha anyani, koma inkawapatsabe chitetezo. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1937, ndipo Theiler ndi Smith anali m'gulu la anthu oyamba kubayidwa. Panalinso mwayi pa nkhaniyi, pakuti atayesa kubwereza njira yomweyo, kusinthako sikunachitikenso mofanana.

Katemerayu anayesedwa kwa anthu ambiri ku Brazil kuyambira mu 1937. Pakati pa 1940 ndi 1947 Rockefeller Foundation inapanga katemera wokwanira anthu oposa 28 miliyoni. Mu 1942 asilikali masauzande ambiri a ku America anadwala chikasu atalandira katemerayu. Choyambitsa sichinali 17D, koma madzi a m'magazi a anthu amene ankathiridwamo kuti katemera asawonongeke, omwe anali ndi vairasi imene lero imatchedwa hepatitis B. Madziwo atachotsedwa, vutolo linatha.

Zimene zinadziwika pambuyo pake

Theiler anafooketsa vairasi popanda kuona chimene chinkasintha mkati mwake. Masiku ano zimadziwika kuti vairasi ya yellow fever, monga abale ake a dengue, Zika ndi West Nile, ili ndi mapuloteni akeake khumi okha, ndipo pa china chilichonse imabwereka kwa selo imene yalowamo. Puloteni yakunja yotchedwa E imagwira mapuloteni a pakhungu la selo, selo n'kuimeza vairasiyo m'kathumba. M'kathumbamo mukayamba kuchuluka asidi, puloteni E imasintha maonekedwe n'kulumikiza chikuto cha vairasi ndi khoma la kathumbako, ndipo RNA ya vairasi imatulukira m'selo. Kumeneko tizigawo ta selo topanga mapuloteni timawerenga RNA yachilendoyo ngati yakeyake. Ngakhale mavairasi atsopano akapangidwa, sangathe kulowa bwino m'selo ina mpaka puloteni ya selo yotchedwa furin itadula mbali ina ya chikuto chawo. Chovuta china kwa vairasiyi n'chakuti iyenera kuchita zonsezi m'maselo a udzudzu komanso a munthu kapena nyani, zamoyo zosiyana kutali.

Apa ndi pamene pali tanthauzo la mabotolo a Theiler. Vairasi yokakamizidwa kukhala m'maselo a nkhuku mibadwo yambiri inasintha kuti igwirizane ndi mapuloteni a maselo amenewo. Ndondomeko yonse ya RNA ya 17D inawerengedwa mu 1985 ndi gulu la Charles Rice, ndipo mu 1987 itayerekezedwa ndi ya Asibi, panapezeka kusiyana kwa ma amino acid 32, ndipo puloteni E ndi imene inali ndi kusiyana kochuluka kuposa puloteni ina iliyonse. Vairasi ya 17D simafalanso kudzera mwa udzudzu. Inadzagwiritsidwanso ntchito ngati maziko a akatemera ena, a dengue ndi a Japanese encephalitis.

Zaka zotsiriza

Theiler anakwatira Lillian Graham mu 1928 ndipo anabereka mwana wamkazi mmodzi. Analandira mphoto ya Lasker mu 1949, ndipo mu 1951 anakhala mkulu wa malabotale a Rockefeller Foundation ku New York. Dzina lake lilinso pa vairasi ina ya mbewa imene anaitulukira m'zaka za m'ma 1930, yomwe ofufuza amaigwiritsa ntchito pophunzira matenda a multiple sclerosis. Mu 1964 anasamukira ku Yale University monga pulofesa, napuma mu 1967. Anamwalira ku New Haven, m'chigawo cha Connecticut, ndi khansa ya m'mapapo. Buku limene analemba ndi Wilbur Downs lonena za mavairasi ofala ndi udzudzu ndi nkhupakupa linatuluka mu 1973, iye atamwalira kale.

Mpaka pano 17D imaleredwa m'mazira a nkhuku. Mu 2013 World Health Organization inalengeza kuti kubayidwa kamodzi n'kokwanira moyo wonse, ndipo mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi ndi South Africa, amafuna khadi lachikasu la katemerayu kwa apaulendo ochokera kumene matendawa amapezeka.