Mwase Chibisa, mfumu yomwe idakana kugwadira atsamunda

Mlimi wa fodya wa kwa Simlemba akafika pa boma la Kasungu lero amapeza ofesi ya DC, komanso khonsolo ya tauni yomwe ili ndi meya wake. Zonsezi zisadabwere, mwini dziko patsinde pa phiri la Kasungu adali Mwase.

Mwase Chibisa adalowa ufumu wolimba kale. Makolo ake adapalana ubwenzi ndi Jumbe wa ku Nkhotakota: iwo ankapereka minyanga ya njovu, iye n'kumawapatsa mfuti ndi wonga. Ndi mfutizo, Achewa a ku Kasungu adabweza Angoni pankhondo ya ku Nguluyanawambe, pomwe mafumu ena ambiri adali atagonja. Tisabise, m'njira ya minyangayo munkadutsanso akapolo.

Zinthu zidatembenuka Jumbe wokalamba atamwalira mu 1894, Nkhotakota n'kugwa m'manja mwa atsamunda. Chibisa adakana ulamuliro wawo, ndipo adasunga Saidi Mwazungu, wamalonda a akapolo yemwe azunguwo ankamusaka.

Kumapeto kwa Disembala 1895, asilikali otsogozedwa ndi Edward Alston, ena mwa iwo ochokera ku India, adathira nkhondo likulu la Mwase n'kuligonjetsa. Chibisa sadalole kuti mzungu amugwire wamoyo. Adadzipha yekha.

Atsamunda adamanga linga lawo komweko, n'kulitcha Fort Alston, ndipo apa ndi pomwe padaphukira boma la Kasungu. Ufumu wa Mwase udakalipo mpaka lero, koma msonkho ndi milandu ikuluikulu zidasamukira kwa bwana wa pa boma.