Louis Riel (1844-1885): Woukira Boma Kapena Tate wa Manitoba?

Mawu otsogolera

Mukamaphunzitsa momwe mayiko anapezera ufulu wodzilamulira, kawirikawiri mumayambira pa tsiku limene mbendera ya atsamunda inatsitsidwa. Ku Canada kulibe tsiku limodzi lotere. Dzikoli linachoka m'manja mwa Britain pang'onopang'ono. M'chaka cha 1867 zigawo zinayi zinagwirizana kupanga dziko limodzi. Mu 1931 linapatsidwa mphamvu zodzipangira malamulo mosafunsa, ndipo mu 1982 mpamene linatenga mphamvu zosintha malamulo aakulu oyendetsera dziko popanda kupempha ku London. Pa zaka zonsezi anthu akumeneko akhala akulimbana ndi funso limodzi: kodi dzikoli ndi la yani? La olankhula Chingerezi okha? Nanga olankhula Chifalansa? Nanga eni nthaka amene azungu anawapeza?

M'gawo lino muwerenga mbiri ya munthu amene anafera funso limeneli. Khalani ndi mapu a North America pafupi, ndipo mupeze kaye mizinda ya Montréal, Ottawa, Winnipeg ndi Regina.

Mtundu wa Métis

Kuyambira mu 1670, dera lalikulu la pakati ndi kumpoto kwa Canada wa lero linali m'manja mwa kampani ya ku England yotchedwa Hudson's Bay Company. Derali linkatchedwa Rupert's Land, ndipo malonda ake aakulu anali zikopa za nyama zaubweya. Amuna achifalansa ndi ena ochokera ku Scotland amene ankabwera kudzagula zikopa anakwatira akazi a mitundu ya eni nthaka monga Cree ndi Ojibwe. Ana ndi adzukulu awo anasanduka mtundu watsopano wotchedwa Métis, dzina limene potchula limamveka ngati Meti. Anali ndi chiyankhulo chawochawo, Michif, chosakaniza Cree ndi Chifalansa. Ankasaka njati za m'madambo akumeneko m'magulu akuluakulu, ndipo pa uzimba uliwonse ankasankha atsogoleri ndi kuika malamulo. Minda yawo inali yaitali koma yopyapyala, uliwonse wofika kumtsinje kuti banja lililonse lipeze madzi ndi njira. Gwiritsitsani mfundo iyi: ambiri analibe pepala lililonse losonyeza kuti mundawo ndi wawo.

Louis Riel anabadwira mu mtundu umenewu pa 22 Okutobala 1844 ku Saint-Boniface, m'mbali mwa mtsinje wa Red River, pamene lero pali mzinda wa Winnipeg. Anali woyamba kubadwa m'banja la ana 11, banja lolimbikira kwambiri Chikatolika. Poona nzeru zake, Episikopi Alexandre Taché anamutumiza ku Montréal mu 1858 kuti akaphunzire za unsembe. Bambo ake atamwalira mu 1864, mtima wa sukulu unamuchokera. Anasiya maphunzirowo, nagwirako ntchito mu ofesi ya loya wina, ndipo mu 1868 anabwerera kwawo. Anabwera akudziwa Chifalansa, Chingerezi ndi zamalamulo, pa nthawi imene anthu ake ankasowa munthu wotere.

Dziko ligulitsidwa eni ake osadziwa

Boma latsopano la Canada, motsogozedwa ndi nduna yaikulu John A. Macdonald, linkafuna kufutukula dziko mpaka kunyanja ya Pacific dziko la United States lisanalande malowo. Mu 1869 linagwirizana ndi kampani ija kuti litenge Rupert's Land polipira mapaundi 300,000. Ku Red River kunali anthu pafupifupi 12,000, ambiri mwa iwo a Métis, koma palibe anawafunsa. Iwo anangoona anthu oyeza malo atulukira, akudula nthaka m'mabwalo a ngodya zinayi modutsa minda yawo yaitali ija, chonsecho malowo anali asanaperekedwe n'komwe ku Canada.

Pa 11 Okutobala 1869 Riel ndi anzake anaimitsa oyeza malowo. Pa 2 Novembala anabweza pamalire William McDougall, amene boma linamutuma kudzakhala bwanamkubwa, ndipo tsiku lomwelo analanda linga la kampani la Upper Fort Garry popanda kukhetsa mwazi. Mu Disembala anakhazikitsa boma la kanthawi, Riel nakhala mtsogoleri wake ali ndi zaka 25 zokha.

Apa muonetsetse. Riel sankakana kulowa mu Canada ayi. Chimene ankafuna n'chakuti anthu a ku Red River alowe mwa kukambirana, osati ngati katundu wogulidwa limodzi ndi malo. Anaitanitsa msonkhano wa nthumwi 40, olankhula Chifalansa 20 ndi olankhula Chingerezi 20, ndipo analemba mndandanda wa zofuna zawo. Nthumwi zitatu zinapita nawo ku Ottawa, ndipo amene analimba kwambiri pa zokambiranazo anali wansembe Noël-Joseph Ritchot. Zotsatira zake zinali lamulo la Manitoba Act la pa 12 Meyi 1870, limene linakhazikitsa Manitoba kukhala chigawo chachisanu cha Canada. Lamuloli linati Chifalansa ndi Chingerezi zikhale ndi mphamvu zofanana m'nyumba ya malamulo ndi m'makhoti, sukulu za mipingo zitetezedwe, ndipo maekala 1.4 miliyoni agawidwe kwa ana a mabanja a Métis.

Imfa ya Thomas Scott

Koma chinthu china chinali chitalakwika kale. Kagulu ka anthu ochokera ku Ontario kanayesa kugwetsa boma la Riel ndi mfuti, ndipo ena anagwidwa. Mmodzi mwa iwo anali Thomas Scott, membala wa Orange Order, bungwe la Apulotesitanti lodana ndi Chikatolika. M'ndendemo Scott ankanyoza ndi kulimbana ndi alonda. Bwalo la asilikali a Métis linamugamula kuti aphedwe. Anthu anamudandaulira Riel kuti amukhululukire koma anakana, poganiza kuti boma la Canada lidzawaopa ndi kuwalemekeza. Scott anawomberedwa pa 4 Malichi 1870.

Madzi akatayika saoleka. Ku Ontario anthu anakwiya kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo dzina la Riel kwa iwo linatanthauza wakupha basi. Nthumwi za ku Red River zinalonjezedwa pakamwa kuti atsogoleri awo sadzaimbidwa mlandu, koma lonjezolo silinalembedwe. Mu Ogasiti 1870 asilikali anafika motsogozedwa ndi Garnet Wolseley, yemwe uja amene mu 1879 anadzagawa dziko la Azulu m'magawo 13 mfumu Cetshwayo itagwidwa. Riel anathawa asilikaliwo asanalowe m'linga.

Zaka zoyendayenda

Anthu ake sanamuiwale. Katatu konse, mu 1873 ndi 1874, anamusankha kukhala phungu wa ku Provencher m'nyumba ya malamulo ya ku Ottawa, koma sanakhalepo pampando wake ngakhale tsiku limodzi. Boma la Ontario linali litalonjeza madola 5,000 kwa amene angagwire anthu amene anapha Scott. Tsiku lina mu 1874 Riel analowa mozemba m'nyumba ya malamulo, nasaina dzina lake m'kaundula wa aphungu, n'kuzimiririka. Mu 1875 anakhululukidwa, koma pokhapokha atakhala kunja kwa dziko zaka zisanu.

Mavutowa anamusokoneza maganizo. Anayamba kukhulupirira kuti Mulungu wamusankha kukhala mneneri wa anthu ake, nadzipatsa dzina lakuti David. Kuyambira 1876 mpaka 1878 anasungidwa m'zipatala za odwala maganizo ku Québec pa mayina obisika. Atatuluka anapita ku Montana, m'dziko la United States. Kumeneko anakwatira Marguerite Monet, nakhala nzika ya dzikolo mu 1883, ndipo anayamba ntchito yomwe mukugwira inuyi: ankaphunzitsa ana pa sukulu ya mishoni ya St. Peter's.

Kwawo zinthu zinali zitaipa. Malo olonjezedwa aja anachedwa kugawidwa, ndipo ambiri anathera m'manja mwa anthu ogula motchipa kuti adzagulitse modula. Obwera ochokera ku Ontario anachuluka kuposa eni mudzi. Mabanja ambiri a Métis anasamukira kumadzulo, m'mbali mwa mtsinje wa South Saskatchewan. Pofika 1880 njati zinali zitatsala pang'ono kutheratu, ndipo njala inavuta mitundu ya eni nthaka. Kenako oyeza malo aja anafikanso kumeneko.

Nkhondo ya 1885

Mu Juni 1884 amuna anayi, mmodzi wa iwo mlenje wotchuka Gabriel Dumont, anayenda pa akavalo mpaka ku Montana kukamupempha Riel kuti abwerere. Anavomera. Poyamba anatsata njira yamtendere, ndipo mu Disembala 1884 anatumiza ku Ottawa kalata ya madandaulo a Métis ndi alimi achizungu omwe. Boma linangolonjeza kuti lifufuza. Mu Malichi 1885 Riel anakhazikitsanso boma la kanthawi pamudzi wa Batoche.

Mwina ankaganiza kuti zikhala ngati za 1869, kuti boma likakamizika kukambirana. Koma nthawi inali itasintha. Mu 1870 asilikali anayenda miyezi kuti afike ku Red River. Tsopano kunali njanji ya Canadian Pacific Railway, imene ngakhale inali isanathe inanyamula asilikali zikwi zingapo m'masabata ochepa. Komanso ziphunzitso zachilendo za Riel zinamudanitsa ndi ansembe, ndipo alimi achizungu anamusiya atangomva za mfuti.

Pa 26 Malichi a Métis anagonjetsa apolisi ku Duck Lake. Magulu ena a Cree, atatopa ndi njala, anayambanso kumenyana paokha. Nkhondo yomaliza inali ya ku Batoche, kuyambira pa 9 mpaka 12 Meyi, pamene amuna osakwana 300 analimbana ndi asilikali oposa 800. Zipolopolo zitatha, ena ankaika misomali ndi timiyala m'mfuti. Dumont anathawira ku United States. Riel anadzipereka yekha pa 15 Meyi.

Mlandu wa ku Regina

Anaimbidwa mlandu woukira boma potsata lamulo la ku England la m'zaka za m'ma 1300. Anthu 6 amene anasankhidwa kugamula mlanduwo onse anali Apulotesitanti olankhula Chingerezi. Maloya ake anaona kuti njira yokha yomupulumutsira ndi kunena kuti ndi wamisala. Riel anakana poyera, chifukwa anadziwa kuti akavomera ndiye kuti madandaulo onse a anthu ake asanduka zobwebweta za wodwala. Pa 1 Ogasiti anamupeza wolakwa, koma ogamulawo anapempha kuti achitiridwe chifundo. Apilo inakanidwa, ngakhale ku London. Macdonald anakana kusintha chilangocho, ndipo Riel ananyongedwa pa 16 Novembala 1885 ali ndi zaka 41, patangopita masiku 9 chimalizire njanji ija. Pa 27 Novembala amuna 8 a mitundu ya eni nthaka ananyongedwanso ku Battleford.

Imfayi inang'amba dziko pakati. Ku Ontario ambiri anati chilungamo chachitika. Ku Québec anati waphedwa chifukwa cholankhula Chifalansa ndi kukhala Mkatolika, ndipo khamu lalikulu linasonkhana ku Montréal kudzatsutsa. Mkwiyowo unathandiza Honoré Mercier kukhala nduna yaikulu ya Québec mu 1887. Mu 1890 boma la Manitoba linachotsa Chifalansa pa ntchito za boma, n'kusiya kuthandiza sukulu za Akatolika.

Mlandu suola

Kwa zaka zambiri a Métis anakhala anthu oiwalika, ena akumanga tizisakasa m'malo osiyidwira misewu. Zinthu zinatembenuka mochedwa. Malamulo aakulu a 1982 anatchula a Métis kuti ndi amodzi mwa eni nthaka a Canada. Mu 1992 nyumba ya malamulo ya ku Ottawa inavomereza kuti Riel anathandiza kwambiri kukhazikitsa Manitoba. Kuyambira 2008, Lolemba lachitatu la mwezi wa Febuluwale ndi tchuthi chomukumbukira m'chigawocho. Mu 2013 khoti lalikulu la Canada linagamula kuti boma silinakwaniritse mwaulemu lonjezo la malo la 1870, ndipo mu 2023 Manitoba inapanga lamulo lomupatsa Riel ulemu wakuti ndiye nduna yaikulu yoyamba ya chigawocho. Komabe chigamulo chakuti anaukira boma sichinafafanizidwe.

Pophunzitsa mbiriyi musamuyeretse Riel. Analoleza kuti Scott aphedwe, ndipo mu 1885 anatsogolera anthu ake ku nkhondo imene sakanapambana. Musamudetsenso, pakuti zimene ankapempha, malo, chiyankhulo ndi kufunsidwa maganizo, Canada yemweyo anadzavomera kuti zinali zoyenera. Zimene Riel anachita n'zomwezo, sizinasinthe. Chinasintha ndi yankho la anthu a ku Canada pa funso lija lakuti dziko ndi la yani.

Ntchito

1. Fotokozani zifukwa ziwiri zimene Riel anapambanira mu 1870 koma n'kugonja mu 1885.
2. Gawani ophunzira anu m'magulu atatu: a ku Ontario, a ku Québec ndi a Métis. Gulu lililonse lifotokoze momwe likanalandirira uthenga wa pa 16 Novembala 1885. Lembani mfundo zimene mukuyembekezera kumva.
3. Sankhani munthu wa m'mbiri ya dziko lanu amene boma la nthawi yake linamutcha woukira koma lero amalemekezedwa. Funsani akuluakulu awiri a m'dera lanu zimene anaphunzitsidwa za iye ali ana, ndipo mufanizire ndi zimene zili m'buku limene mukuphunzitsira.

Tumizani mayankho a funso 1 ndi 3 kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ina ya gawo lino.