Albert Schweitzer, Dotolo wa ku Lambarene

Albert Schweitzer anabadwa m'caka ca 1875 ku Alsace, m'malire a France ndi Germany. Atate wace anali mbusa wa mpingo. Tsiku lina, akali kamnyamata, mnzace anamuitana kukalasa mbalame ndi malegeni. Albert sanafune, koma anaopa kusekedwa, ndipo anapita. Ali pafupi kuponya mwala, mabelu a chalichi anayamba kulira. Pomwepo anataya legeni, naingitsa mbalame zonse, nathawira kwao.

Atakula anakhala mphunzitsi wa mau a Mulungu ndi katswiri woimba limba. Pamene anali ndi zaka 30 anayamba kuphunzira udotolo, ndipo m'caka ca 1913 iye ndi mkazi wace Helene anafika ku Lambarene, m'dziko la Gabon. Cipatala cao coyamba cinali khola la nkhuku.

M'caka ca 1915 analikuyenda m'ngalawa pa mtsinje wa Ogowe. Dzuwa lili kulowa, ngalawayo inapyola pakati pa mvuu zambiri, ndipo pamenepo ganizo lalikulu linamfikira. Anaona kuti camoyo ciri conse cifuna kukhala ndi moyo, monga momwe afunira munthu. Tsono mvuu kapena mtengo ziyenera ulemu cifukwa ca moyo umene uli mwa izo, ngakhale zisampatse munthu nyama kapena nkhuni.

Iye sanangolemba zimenezi m'mabuku ai. Pomanga nyumba za odwala ankasuzumira m'dzenje asanaimikemo nsanamira, kuti aturutse acule ndi nyerere.

Koma ciphunzitso cimeneci cinali cobvuta kucisunga. Nthawi yina anagula kamwana ka nkhwazi kwa anthu amene anakagwira, kuti akapulumutse. Nanga kakadya ciani? Anayenera kupha tinsomba tsiku ndi tsiku, kapena kukaleka kuti kafe ndi njala. Anasankha kudyetsa nkhwaziyo, koma mtima wace sunakondwere ndi imfa ya tinsombato. Pociza matenda a kaodzera ankaphanso tizirombo ta m'magazi. Anaphunzitsa kuti munthu aphe pokha pamene palibe njira yina, ndipo adziwe kuti mlandu wace ausenza yekha.

Si onse anamtama. Ena anadandaula, ndipo sananame, kuti ankayang'ana anthu akuda ngati ana. Analandira mphotho ya mtendere ya Nobel ya caka ca 1952, ndipo ndalama zace anamangira mudzi wa akhate. Anamwalira m'caka ca 1965, ali ndi zaka 90, naikidwa ku Lambarene komweko.