John Chilembwe, m'busa amene anamenya nkhondo ndi mikondo

Lero ndikufuna ndikukambireni za John Chilembwe, yemwe uja timamuona pa ndalama ya kwacha tikapita kukagula feteleza ku Zobwe.

Chilembwe anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Ali mnyamata anagwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, ndipo mu 1897 anapita naye ku America komwe anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Kumeneko anapeza anthu akuda atamasulidwa ku ukapolo koma akuponderezedwabe. Mu 1865 chigawo cha Mississippi chinali chitaika lamulo loti munthu wakuda asasunge mfuti opanda chilolezo, pamene mzungu ankasunga yake bwinobwino.

Kwathu kunonso zinali choncho. Mu 1890 maiko a azungu anasaina pangano ku Brussels, Angelezi ndi Apwitikizi omwe. Iwo amati akuthetsa malonda a akapolo, koma m'panganomo analetsanso kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda. Ife anatisiyira zija za gogodera zothira onga kukamwa. Lamulo limeneli linagwira Nyasaland ndi Tete yemwe.

Mu 1900 Chilembwe anabwerera kwawo n'kutsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Anamanga masukulu ndi tchalitchi cha njerwa. Pafupi pake panali esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, komwe anthu ankagwira thangata, ambiri mwa iwo Alomwe othawa msonkho ndi chibalo kuno ku Mozambique. Woyang'anira wake, William Livingstone, ankamenya antchito ndi kutentha matchalitchi a Chilembwe.

Apa ndiye pamene pamandiwawa ine. Nkhondo yaikulu itayamba mu 1914, boma lomwe lija linatenga anyamata akuda, kuwapatsa mfuti zamakono kuti akafe ku Karonga pomenyana ndi Ajeremani. Ndiye kuti mfuti m'manja mwa wakuda inali yabwino pokhapokha akufera mzungu? Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula zimenezi, koma boma silinamve.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Ku Magomero anapha Livingstone. Gulu lina linayenda wapansi mpaka ku Blantyre kukathyola nkhokwe ya zida ku Mandala, chifukwa ambiri anali ndi mikondo basi. Anangopeza mfuti zowerengeka. Pasanathe masabata awiri zonse zinatha. Pa 3 Febuluwale asilikali anamuombera Chilembwe kufupi ndi Mulanje, akuthawira kuno kwathu. Tchalitchi chake anachiphulitsa, ndipo anthu pafupifupi 40 anaphedwa atazengedwa milandu. Lero Amalawi amamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse.

Musandimve molakwa abale. Ine sindikuti mfuti zibwerere m'midzi. Makolo athu anagona m'tchire nthawi ya nkhondo ija yomwe inatha mu 1992, ena anathawira ku Malawi komweko, ndiye tikudziwa chimene mfuti imachita. Chimene ndikunena n'chakuti lamulo likamaloleza uyu n'kuletsa uyo chifukwa cha khungu, cholinga chake ndi chakuti woponderezedwayo asathe kukana. Tiwauze ana athu zimenezi.

Tikakumana Loweruka, amene agogo awo anawakambirapo za nkhondo ya Makombe ya mu 1917 ku Barue, chonde adzatifotokozere.