Samuel Josia Ntara, Mlembi wa Nthondo

Kale makolo athu sankalemba nthano zawo. Ankazisunga pamtima ndi kuzikamba madzulo pamoto. Mmodzi mwa anthu oyamba kulemba nkhani yaitali m'Chicheŵa anali Samuel Josia Ntara.

Ntara anabadwa m'chaka cha 1905. Anaphunzira m'sukulu za Mishoni ya Nkhoma, ndipo atakula anakhala mphunzitsi. Masiku amenewo mabuku a m'chinenero chathu anali oŵerengeka, ndipo ambiri anali a kutchalitchi ndi a kusukulu.

Tsono bungwe lina la ku London linakonza mpikisano wolemba mabuku m'zinenero za mu Afrika. Ntara analemba nkhani ya Nthondo, napambana. Bukulo linasindikizidwa m'chaka cha 1933.

Nthondo sanali munthu weniweni ayi. Ntara anachita kumuumba m'maganizo mwake monga mmene mayi aumbira mbiya. Dothi lake linali zinthu zimene ankaona ndi kumva m'midzi ya Acheŵa. Anampatsa dzina, makolo ndi mudzi, nalongosola moyo wake kuyambira kubadwa kufikira imfa.

Mlembiyu sanabise zoipa za munthu wakeyo. Ali mnyamata, Nthondo anali wakuba ndi wosamvera akulu. Kenaka anapita kutali kukafuna ntchito. Atabwerera kwawo analongedwa ufumu, ndipo pambuyo pake anasiya makhalidwe ake akale nakhala Mkhristu.

Apa ndi pamene pagona luso la Ntara. Nkhani yopeka imayenera kukhala ndi anthu ake, malo ake, vuto lake ndi phunziro lake. Vuto la m'nkhaniyi linali mumtima mwa Nthondo mwini wake. Iye akadakhala wolungama chibadwire, woŵerenga sakadafunitsitsa kumva mathero ake. Koma poona zolakwa zake, aliyense amadzifunsa ngati mnyamata wotere angasinthe. Funso limeneli ndilo limamkoka munthu mpaka tsamba lomaliza.

M'chaka cha 1934 bukuli linatuluka m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Analimasulira ndi T. Cullen Young. Motero anthu a maiko akutali anadziŵa za moyo wa m'mudzi wa Acheŵa kuchokera kwa mwana wa dziko lomweli.

Ntara analembanso mabuku ena monga Mbiri ya Achewa, Nchowa ndi Namon Katengeza. Iye anamwalira m'zaka za m'ma 1970. Anatisiyira chitsanzo chakuti mudzi wathu womwewu uli ndi nkhani zoyenera kulembedwa, ndiponso kuti chinenero chathu chikhoza kuzisenza.

Mafunso

1. Kodi Ntara ankagwira ntchito yanji?
2. Kodi zinthu zoumbira Nthondo anazitenga kuti?
3. Tchulani zinthu zinayi zofunika m'nkhani yopeka.
4. Chifukwa chiyani Ntara sanabise zoipa za Nthondo?
5. Pekani munthu wanu. Mpatseni dzina, mudzi ndi vuto, ndipo mulembe nkhani yake mwachidule.